Tsiku Limene Ndinachotsa Asiyatu pa Mndandanda

Tiyanjane ndi Yohane, ana anga, za ku Katete kumene ndinabadwira munazimva kale kwa amalume anu, sindizibwereza. Chimene simukuchidziwa bwino ndi kumene ndinkapita m'mawa uliwonse nditavala zoyera, inu mukanali m'mabulangete. Ndayamba kulemba tsopano chifukwa manja apeza mpata, ndipo m'nyumba muno mulibe wondidula mawu.

Kanyama, chaka changa choyamba

Ntchito yanga yoyamba ya unamwino inali pa kiliniki ina ku Kanyama. Ndinafika nthawi ya mvula, madzi atadzaza m'njira zonse. Nsapato zanga zoyera ndinkazinyamula m'pepala, n'kumayenda ndi majombo mpaka pakhomo pa kiliniki. Zipangizo zinali zopereweratu. Magolovesi tinkachita kuchapa n'kuyanika pa chingwe kuseri, thonje tinkalidula tizidutswa ngati tikugawana ndiwo za pamaliro. Wamkulu wathu anali mayi wachikulire wosaseka wamba. Tsiku lina anandimva ndikuuza kamnyamata kena kuti jakisoni sapweteka. Mzere utatha anandiitanira m'chipinda cha mankhwala.

"Iwe mwana," anatero m'Chinyanja cha m'tauni, "wamunamiza uja mwana. Akabweranso, azakukhulupirira?"

Ndinati ndimafuna kuti asalire.

"Kulira si matenda. Muuze kuti izababa pang'ono, manje izasila. Akalira, alire akudziwa kuti sunamuname."

Ndinakhala pa kiliniki imeneyo zaka khumi. M'zaka zimenezo ndinakwatiwa ndi bambo anu, inu nonse awiri munabadwa, ndipo tinapeza nyumba ino ya ku Matero.

Chipatala chachikulu, chaka cha khumi ndi chimodzi

Anandisamutsira ku chipatala chachikulu, ku wodi ya ana odwala makutu, mphuno ndi kukhosi. Ambiri mwa ana athu ankabwera chifukwa cha tinyama tiwiri ta kukhosi timene anthu amati matonsilo, ndi kanyama kena kobisika kuseri kwa mphuno. Tinyamati tikatupa kwambiri, mwana amapumira pakamwa, amaliza mkonono ngati bambo wamkulu, sadya bwino, ndipo ena mpweya umaima kaye ali m'tulo. Zikafika pamenepo adokotala amatichotsa. Ndi opaleshoni yaifupi, koma kwa mwana wa zaka zinayi kapena zisanu palibe mpeni waufupi.

Ntchito imene inandigwera, popanda wina kuilemba papepala, inali yokonzekeretsa ana. Ndinkakhala nawo pansi pa simenti, osati pa mpando. Ndinkawaonetsa kachiphimbo ka labala kamene adzawaika pamphuno kuti agone, n'kuwalola akagwire, akanunkhize, aveke amayi awo. Ndinkawauza kuti akadzuka pakhosi padzawawa ngati chilonda, ndipo padzanja padzakhala kachingwe ka diripi. Makolo ndinkawauza za kudya, kuti m'mawa wa opaleshoni mimba ikhale yopanda kanthu, ndi chifukwa chake. Zaka zoyambazo ndinkatha theka la ola ndi banja limodzi.

Bambo anu anamwalira m'chaka changa chachisanu pa chipatalacho. Mukudziwa zimene zinatsatira. Sindikanatha kugwira ntchito yosinthana nthawi ndi kulera ana awiri ndekha, ndiye munapita ku sukulu zogonera komweko, wina ku Chipata, wina ku Kabwe. Poweruka ndinkatsegula chitseko n'kupeza kapu ili pomwe ndinaisiya m'mawa. Ndinayamba kutenga masiku a anzanga kuti ndisamakhale pakhomo. Pang'ono ndi pang'ono ntchito inandiumitsa. Anamwino ankachepa, ana ankachuluka, ndipo theka la ola lija linasanduka mawu atatu olankhulidwa ndikuyenda pakhonde. Sindinazindikire tsiku limene ndinasiya kukhala pansi.

Wamkulu wa wodi panthawiyo anali ba Sisita Mulenga, mayi wa ku Ndola, wamtali, wolankhula mofulumira. Sanali woipa mtima. Anali ndi mndandanda wa ana oyembekezera opaleshoni wautali kuposa mkono wake, ndipo chipinda cha opaleshoni, chimene tinkachitcha fiyeta, tinkachipatsidwa m'mawa wa Lachitatu wokha, mpaka 12 koloko. Ikakwana nthawiyo ankalowa madokotala a mafupa. Makina ogonetsera akawonongeka, kapena mpweya wa m'mabotolo ukatha, Lachitatu limenelo linkapita, ndipo ana onse ankabwerera m'mbuyo.

Chaka cha makumi awiri ndi zinayi, nyengo yozizira

Asiyatu anali ndi zaka zisanu, koma ukamuona unkati ali ndi zitatu. Anali wowonda, pakamwa pali yasa nthawi zonse, maso a munthu amene sanagone. Ankabwera ndi bambo ake okha, Che Saidi, telala wa ku Chawama. Makolo a Che Saidi anachokera ku Mangochi kalekale, ndipo iwo ankalankhulabe Chichewa cha kwawo, chodekha, pamene mwana wawo ankalankhula cha m'komboni. Anthu onse ankawatchula ba Saidi. Ine nditawatchula Che Saidi tsiku loyamba, anandiyang'ana modabwa n'kumwetulira pang'ono. Amayi ake a Asiyatu anali atamwalira chaka chapitacho pobereka, pamodzi ndi khandalo.

Che Saidi anauza adokotala kuti mwanayo akagona amaliza mkonono womveka kwa aneba, kenako amangoti zii, iwo n'kuwerenga mumtima mpaka atadzidzimuka n'kukoka mpweya. Anati amagona chokhala, dzanja lili pamsana pa mwana. Anayembekezera miyezi isanu ndi iwiri kuti dzina lifike pamwamba pa mndandanda. Kawiri konse anabwezedwa chifukwa cha makina.

Lolemba la sabata imene dzina linafika, ine ndi amene ndinawapatsa malangizo. Ndikukumbukira bwino pamene ndinaima, pakhomo pa chipinda chochapira, nditanyamula nsalu za pabedi. Mabedi anali odzaza, ndiye a pafupi tinkawauza kuti agone kwawo, abwere m'mawa. Ndinati, "Lachitatu 7 koloko mukhale muli pano. Asadye kanthu kuyambira pakati pa usiku." Iwo anati, "Chabwino, mayi." Ndinapitiriza ulendo wanga. Mwanayo sindinamuyang'ane n'komwe.

Lachitatu lija

Anafika nthawi yake. Asiyatu anali atavala diresi yatsopano yobiriwira imene bambo ake anasoka. Anali wachitatu pa ana anayi a pa mndandanda wa tsikulo. Tonse tinkadziwa kuti limenelo linali Lachitatu lomaliza la adokotala athu, chifukwa ankapita kunja kukawonjezera maphunziro, ndipo wolowa m'malo mwawo anali asanadziwike.

Ndikumuvula diresi kuti ndimuveke chovala cha chipatala, ndinagwira dzanja lake. Zala zinali ndi mafuta. Ndinanunkhiza. Che Saidi anali atatuluka kukasaina pepala.

"Asiyatu, wadya chiyani?"

Anayang'ana kuchitseko, kenako anandinong'oneza ndi mawu ake a m'mphuno. "Chitumbuwa. Na tiyi ya mkaka. Ababa anakamba ati nisakambe."

Ndinakhala pa bedi. Ndinkadziwa zimene zimachitika mwana akagonetsedwa mimba ili ndi chakudya. Akhoza kusanza ali chigonere, masanzi n'kulowa m'mapapo. Ambiri zimawapitirira, koma ndinali nditaonapo mmodzi amene sizinamupitirire, ndipo nkhope ya amayi ake sinandichoke mpaka lero. Ndinkadziwanso kuti chitumbuwa chamafuta chodyedwa pa siteji ya minibasi chimafuna maola amene ife tinalibe. Pofika nthawi yoti mimba yapepuka, fiyeta ikanakhala ili m'manja mwa a mafupa.

Che Saidi atabwera ndinawatengera pakhonde n'kuwafunsa. Sanakane.

"Amalira, mayi. Kuyambira kunyumba mpaka pa siteji amalira njala. Ndinangomupatsa theka. Theka lokha."

Ndinawauza kuti ndiyenera kukanena.

Anandigwira mkono, chinthu chimene bambo ngati iwo sachita kwa mkazi wa eni. "Mayi, chonde. Miyezi isanu ndi iwiri. Adokotala akuchoka, ndamva. Mwana uyu tsiku lina adzangoti zii osabwereranso. Palibe amene waona. Inu ndi ine basi."

Ndikuuzani zoona, ana anga, ndinaganiza zokhala chete. Ndinaima pamenepo ndikuyeza zinthu ziwiri, ngozi imene ikanabwera m'mawa womwewo ndi ngozi imene inkabwera tsiku ndi tsiku mwanayo akagona. Panalibe wondithandiza kuyeza. Ndinachotsa dzanja lawo pamkono panga, ndinapita kwa ba Sisita Mulenga.

Anavula magalasi n'kuwaponya pa tebulo. "Imwe ba Mwale, simunabauze?"

"Ndinawauza."

"Manje ni chani ichi? Mwaziba kuti uyu mwana azayembekeza mpaka liti?" Anapita okha kukafunsa wogonetsa odwala, ndipo anabwera ndi yankho limene ndinkalidziwa kale. Anandipatsa cholembera. "Ni wanu uyu. Mufute mweka."

Ndinakhwatcha dzina la Asiyatu ndi dzanja langa. Nditabwerera ku bedi ndinapeza Che Saidi akumuveka diresi yobiriwira ija, akumanga mabatani mmodzimmodzi. Sanandiyang'ane. Mwanayo anali wosangalala kuti akupita kunyumba, ndipo pachitseko anandibayibitsa.

Chawama, miyezi isanu yotsatira

Sabata ziwiri zinadutsa ndisakupeza mtendere. Ndinkadya nditaimirira. Loweruka lina nditapuma ndinatsegula fayilo ya mwanayo. Pa malo okhala panangolembedwa kuti Chawama, pafupi ndi mzikiti. Ndinakwera minibasi. Ndinafunsa kwa amayi ogulitsa makala, n'kundilozera pakhonde la golosale ina. Che Saidi anali pamenepo akupalasa makina osokera, Asiyatu atagona pa mulu wa nsalu pambali pawo, masana dzuwa lili pamutu, akuliza mkonono.

Anandilonjera mwaulemu wozizira n'kundipatsa mpando. Ndinawafotokozera zimene ndinayenera kufotokoza Lolemba lija, za mimba, za masanzi, za mapapo. Anasiya kupalasa.

"Mayi," anatero, "ine kusala ndimakudziwa. Ndasala mwezi wathunthu chaka chilichonse kuyambira ndili mnyamata. Koma kwathu mwana wa zaka zisanu sitimusalitsa. Ine ndinkayesa ndi lamulo chabe la chipatala, loti asadetse nsalu zanu. Mukanandiuza kuti chitumbuwa chikhoza kumupha, ndikanamusiya alire mpaka mawu atatha."

Ndinati, "Ndinalakwa ndine, Che Saidi." M'zaka zonse za ntchito yanga sindinanenepo mawu amenewo kwa kholo la wodwala.

Kuyambira pamenepo ndinkapita ku Chawama Loweruka lililonse limene ndinali wopuma. Ndinawaonetsa kagonekedwe ka mwanayo, chammbali, mutu uli pamwamba pang'ono. Kawiri anadwala zilonda za kukhosi ndi kutentha thupi, ndipo ulendo wachiwiri anagona m'wodi mwathu masiku anayi. Ndinkadutsa pa bedi lake ndikudzifunsa ngati ndinasankha bwino. Koma ndinaona kuti dzina la Asiyatu ba Sisita Mulenga analilemba pamwamba penipeni pa tsamba latsopano, ndi inki yofiira.

Ndinabwereka kachiphimbo kakale ka pamphuno n'kupita nako ku Chawama. Che Saidi anasoka chidole cha zidutswa za chitenje, chapakamwa poyasama, ndipo Asiyatu anakhala dokotala wake. Ankachiphimba mphuno, n'kuwerenga mpaka khumi, n'kuchichotsa timiyala tiwiri timene tinaika m'kamwa mwake. Koma nthawi zonse akafika pochidzutsa, ankachisiya n'kupita kukasewera kwina. Tsiku lina ndinamufunsa chifukwa chake.

"Sichizauka," anatero. "Amama anagona ku chipatala, sanauke."

Makina a bambo ake anaima. Ndinazindikira kuti miyezi yonseyi tinkamuuza kuti adzagona, ndipo kwa iye mawu amenewo anali ndi tanthauzo limodzi lokha. Ndinakhala pansi pafumbi, ndi diresi yanga ya ku tchalitchi.

"Tamvera, Asiyatu. Amama ako anadwala kwambiri, thupi lawo linatopa, ndipo anamwalira. Kumeneko sikugona. Iwe sukudwala choncho. Kuli bambo wina amene ntchito yake ndi imodzi yokha, kukupatsa mankhwala a tulo ndi kukudzutsa. Sachoka pambali pako. Akamaliza adokotala, amatseka mankhwala aja, iwe n'kudzuka."

"Izababa?"

"Pochotsa sudzamva kanthu. Ukadzuka pakhosi padzawawa, masiku angapo. Tidzakupatsa mankhwala, ndi madzi ozizira."

"Imwe muzankalako?"

"Ndidzakhalapo. Ukatsegula maso udzaona ine, kenako ababa."

Kenako anatola chidole chija, anachigwedeza mwamphamvu n'kukuwa, "Iwe, uka!" Tsiku limenelo ndi limene anayamba kunditchula ambuya, ngati ndine agogo ake. Palibe anamuuza.

Chaka chomwecho, mvula itayamba

Dokotala watsopano atafika, Asiyatu anali woyamba. Madzulo a Lachiwiri anadya mpunga ndi nyemba mpaka kukhuta. Ndinalembera Che Saidi papepala ola lomaliza la chakudya ndi ola lomaliza la madzi oyera, monga anatiuzira wogonetsa odwala, ndipo iwo anamata pepalalo pa makina osokera. M'mawa mwake nawonso sanadye. Anauza mwanayo kuti akusala limodzi. Anafika pa wodi milomo ili gwa onse awiri.

Makolo sankaloledwa kudutsa chitseko cha fiyeta. Ndinamunyamula ndine, chidole chili m'khwapa mwake. Ndikutembenuka kuti nditseke chitseko ndi phazi, ndinaona Che Saidi ataima okha pakati pa khonde lalitali lija, atanyamula nsapato za mwana wawo. Mabanja ena ankabwera ndi azakhali, agogo ndi mabasiketi. Iwo analibe wowauza kuti khalani pansi. M'fiyeta muja Asiyatu anagwira yekha kachiphimbo kaja n'kukaika pamphuno. Anawerenga mpaka sikisi.

Ola lisanathe anali atatuluka. Anadzuka akulira ndi mawu osasa, akufuna kuzula diripi, ndipo ndinamugwira manja n'kumuuza kuti zatha, wadzuka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ababa. Nditapita kukawaitana ndinawapeza pomwe ndinawasiya.

Kuchira ndi kumene kumatopetsa kuposa opaleshoni, ndipo ndi kumene makolo amakhala okha. Ndinapempha masiku khumi a tchuthi, oyamba m'zaka zambiri. Ba Sisita Mulenga anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Muyenda kuona bana?" Ndinati eya. Sanafunse kuti ana ake ati.

M'mawa uliwonse ndinkakwera minibasi ziwiri, ya ku tauni ndi ya ku Chawama. Nkhondo yaikulu inali ya kumwa. Mwana wowawa pakhosi amakana ngakhale malovu ake, koma pakhosi pakauma ululu umakula. Tinkamupatsa panado pa nthawi yake, osadikira kuti alire, ndipo pakapita kanthawi tinkayamba ndi supuni imodzi ya madzi. Ndinaletsa asipirini ndi mankhwala alionse ogula pa kantemba, kagolosale ka m'komboni, chifukwa ena amachititsa magazi kusagwirana. Che Saidi ankagula tiayisi totsekemera ta m'timapepala kwa mayi wina wa firiji, ndipo ndinawauza kuti asagule tofiira, kuti akalavula tisasokoneze ndi magazi. Kenako phala lozizira, nthochi yofinya, dzira lofewa, mbatata yopota. Ana a m'komboni ankabwera kudzasuzumira pazenera, ine n'kumawabweza chifukwa cha chimfine.

Tsiku lachisanu ndinapeza Che Saidi akundidikirira pamsewu. Anati m'kamwa mwa mwana mwachita zoyera ngati mafinya, mukununkha, ndipo akulira makutu. Ndinaunika ndi tochi. Ndinawauza kuti zoyerazo ndi nkhanambo za chilonda cha m'kamwa, ndi mmene zimaonekera, ndipo ululu wa m'makutu ukuchokera pakhosi pomwepo. Ndinawachenjezanso kuti masiku amene nkhanambozo zimayamba kuchoka ndi amene tiyenera kukhala maso.

Zinachitika tsiku lachisanu ndi chitatu, masana. Asiyatu anali atakhala pa mphasa akusewera ndi mabatani, ndipo ndinaona kuti akumeza pafupipafupi popanda chimene akudya. Ndinamuuza alavulire m'mbale. Munali magazi ofiira, atsopano, osachuluka. Sindinadikire kuti ndione ngati achuluke. Ndinamubereka kumbuyo ndi chitenje changa, Che Saidi anathamanga kukaimitsa galimoto, ndipo m'njira monse ndinamukhazika chowerama kuti asameze. Pofika ku chipatala magazi anali atayamba kuleka okha. Adokotala anamuona, anamugoneka tsiku limodzi kuti amuyang'anire, ndipo sanafunikire kubwerera ku fiyeta. M'galimoto muja Che Saidi ankapemphera m'chinenero cha mapemphero awo, ine m'changa, mwanayo ali pakati.

Patapita sabata zitatu anabwera naye kudzaonedwa komaliza. Pakamwa panali potseka. Che Saidi anali ndi maso ofiira, ndipo ndinawafunsa ngati mwana akuvutabe.

"Ayi, mayi," anatero akuseka mwamanyazi. "Vuto ndi ine. M'nyumba mwachita bata kwambiri. Ndimadzuka n'kukaika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma. Aneba afunsa ngati tinasamuka."

Chawama, chaka chotsatira

Ntchito yanga inali itatha, koma sindinasiye kupita. Ndinkadziuza kuti ndikukaona kulemera kwa mwana. Ndinkamugulira nthochi, ndinkamuluka tsitsi, ndinamuperekeza tsiku lake loyamba ku sukulu. Ananenepa, anayamba kuthamanga ndi anzake mpaka kuiwala kudya. Loweruka linakhala tsiku lokhalo pa sabata limene munthu ankandidikirira. Panalibe china pakati pa ine ndi Che Saidi, musaganize zimenezo. Ankandilemekeza ngati mlongo wawo wamkulu. Koma ndinali nditayamba kudziwa pamene amasunga mchere m'nyumba imene sinali yanga.

Nthawi ina ntchito inandipanikiza mwezi wathunthu osapitako. Nditapita, ndinapeza mayi wachitsikana wovala mpango wakuda atakhala pakhomo, Asiyatu ali pakati pa miyendo yake akulukidwa tsitsi. Che Saidi anadzuka pa makina mwachimwemwe n'kundiuza kuti abale awo anawapezera mkazi wa ku Chaisa, ndipo ukwati unachitika mwakachetechete ku mzikiti. Anati anatuma uthenga ku wodi, koma sunandipeze. Mkaziyo anagwada pondilonjera. Anali waulemu, wa manja ofewa, ndipo tsitsi ankaluka bwino kuposa ine. Anatulutsa mpando wabwino uja wa alendo, anandithirira tiyi m'kapu ya maluwa imene ndinali ndisanaionepo.

"Asiyatu," anatero mkaziyo, "bapatse moni ba Sisita."

Mwanayo anabwera, anagwada n'kunena kuti, "Muli bwanji, ba Sisita?" Kenako anabwerera kukakhala pakati pa miyendo ya mayi uja kuti amalize mzere wa tsitsi.

Ndinamwa tiyi yense. Ndinayamikira nyumba, ndinawafunira mafuno abwino, ndipo ndinkanena zochokera mumtima, chifukwa mwana uja ankafunika mayi wogona naye nyumba imodzi, osati wobwera ndi minibasi. Che Saidi anandiperekeza mpaka pa siteji n'kunena kuti khomo lawo ndi langa nthawi zonse. Ndinathokoza. Sindinapitekonso. Lolemba lake ndinali ndi ana anayi oti ndiwakonzekeretse, ndipo ndinakhala nawo pansi mmodzimmodzi, mpaka ba Sisita Mulenga anabwera kudzandifunsa ngati wodi yonse iime chifukwa cha ine. Ndinachita choncho zaka zonse zimene zinanditsalira.

Matero, mwezi uno

Tiyanjane, Lamlungu lapitali unandiimbira foni kuchokera ku Kitwe. Unati Dalitso, mdzukulu wanga, adokotala amuona ndipo akuti amuchotse matonsilo mwezi wamawa. Ndinayamba kukuuza zoti uchite, iwe n'kunena kuti, "Amayi, atipatsa kale pepala, zonse zalembedwa. Musavutike kubwera, ulendo ndi wautali." Ndinati chabwino. Unali pa changu, ndinamva mwana akukuitana, ndipo foni inaduka ndisanamve mawu ake.

Sindikukudandaula. Unazolowera kuchita zinthu wekha uli wamng'ono, ndipo amene anakuzoloweza ndine. Pepala limene akupatsalo uliwerenge kawiri, ndipo pamene sanalembe chifukwa, ufunse. Dalitso umuuze zoona.

Ine ndachapa zitenje ziwiri ndi juzi, ndaziika m'chikwama, ndipo chikwamacho chili kuseri kwa chitseko. Sindibwera usanandiitane. Koma ukangoti bwerani, ngakhale kutatsala tsiku limodzi, basi yoyamba ya ku Kitwe idzandipeza ndili kale pa siteji.